Ndinakazonda Kochi wa Mwana Wanga

Mpaka lero ndikamakwera minibasi ndimatsogoza mwendo wakumanzere. Wakumanjawu uli ndi nkhani yake.

Mwana wanga Tadala amasewera mpira wamanja kusukulu kwawo ku Chimwankhunda. Kochi wakale ndinkamukonda. Ankawathamangitsa atsikanawo padzuwa mpaka kusanza, madzi osawalola kumwa, ati amalemetsa thupi. Tadala ankafika kunyumba akutsimphina, ine n'kumati eya, masewera ndi amenewa.

Ndiye kunabwera kochi watsopano, mayi Asiyatu. Mwana anayamba kufika akuseka, akuyenda bwinobwino. Ndinakayikira. Munthu wochokera kokonzekera mpira angaseke? Ndinati apa pali mnyamata basi.

Lachitatu lina ndinanamiza abwana kuti dzino likundiwawa, n'kukabisala kuseri kwa mpanda wa bwalo (bambo wovala tayi, kusuzumira pabowo ngati wakuba nkhuku). Mnyamata sindinamuone. Ndinaona zoopsa kuposa pamenepo: atsikana onse agona chagada paudzu, maso ali otseka, akupuma mwakuya. Ndinati uwu ndi mpingo wachilendo.

Ndinatulukira. "Mayi, ana athuwa mukuwatani?"

"Akupumula, bambo. Wanu ndi uti?"

Tadala anadziphimba kumaso ndi malaya.

"Kupumula? Ife nthawi yathu tinkazungulira bwalo kakhumi osalawa dontho!"

"Tationetsani kamodzi kokha," anatero kochiyo mwaulemu. "Koma muyambe mwawongola miyendo."

Kuwongola, ine? Ndinaliyatsa liwiro ndi nsapato za ku ofesi. Ndisanafike n'komwe pagolo, kuseri kwa ntchafu kunangoti thapu! Ndinagwa ngati thumba la makala. Atsikana anayi anandinyamula, kochi n'kundimangirira mafilizesi atatu ozizira pantchafupo (ofiira, sindidzaiwala).

Popita kukakwera minibasi ndinatsamira paphewa la Tadala.

"Adadi, mukudziwa kuti bondo linkandiwawa chaka chonse? Ndinatsala pang'ono kusiya mpira. Mayi Asiyatu ndi amene anandifunsa, n'kundipumitsa mpaka linapola."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndikamatsimphina munkanyadira."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa ntchafu. Ndinachita manyazi.

Masiku ano botolo lake la madzi ndimadzaza ndine m'mawa uliwonse, ndipo akafika ndimafunsa za bondo ndisanafunse za zigoli. Zogona paudzuzo ndimazikayikirabe, kunena zoona, koma ndimazikayikira ndili chete, nditakhala pansi.