Tsiku Limene Madzi Anandipeza Nditagwadira Apongozi

Mpaka lero ndikamva mpope ukutulutsa madzi mwaukali, mawondo anga amafuna kupinda okha. Zinayamba ndi kunyada kwanga komwe.

Ine ndine mkamwini kwa Thuchila. Nyumba yathu ili kumtunda, ya apongozi anga aakazi ili kumunsi, ndipo pakati pali kanjira kotsetsereka. Apongoziwa ndi Alomwe osunga mwambo: mkamwini sayandikira, sakuwa, salankhula ali chilili. Mawu anga amanyamula ndi mkazi wanga, mayi a Tadala. Mudzi wonse unkanditama kuti ndine mkamwini waulemu, ndipo sindibisa, zinkandikoma.

Tsiku lina titakwera phiri la Chambe ndi anzanga, ndinaona madzi akugwa pamiyala, mtima n'kunena kuti nanenso ndikhale ndi mathithi anga kuseri kwa nyumba. Ndinakumba kadamu m'munsi mwa mpope wathu, n'kusanja miyala ngati masitepe, n'kumata simenti.

"Anzanu akukumba madamu a nsomba, inu mukukumba longoonera," anatero mayi a Tadala. (Nsanje basi, ndinatero chamumtima.)

Loweruka iwo atapita kumsika kwa Chonde, ndinati ndiyese mayendedwe a madzi. Ndinayamba ndi ndowa imodzi. Madzi anangonyowetsa miyala n'kuzimiririka. Ndinatsegula mpope mpaka mapeto, madzi n'kumatsika ngati mwana akukodza. Apa nzeru zinandibwerera (zija zimabwera munthu ukakhala wekha): kamutu ka mpope ndi kamene kakutsamwitsa madzi. Ndinatenga sipanala n'kukamasula konse.

Abale inu, madzi ochokera m'phiri si anzako! Anatuluka kuti phwaa, mathithi enieni. Ndinavina pang'ono, ndivomere. Mkati movinamo kamutu kaja kanandipulumuka n'kugwera m'damu, chubwi! Ndikufufuza m'matope, damu linadzaza, khoma la simenti yosauma lija linagumuka, madzi n'kulowa m'kanjira kopita kumunsi.

Pabwalo la apongozi panali makaka, chinangwa cha munda wawo wonse chitayanikidwa pamphasa, chakudya chawo cha miyezi ya njala.

Ndinathamanga mpaka kuwapitirira madziwo. Koma nditafika pamtengo wa mango pamene ndimalekezera masiku onse, mawondo anapinda okha. Apongozi anali pakhonde akusola nandolo, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo.

"Odi, amayi," ndinatero motsitsa mawu, ndikuwomba m'manja.

"Eee, bambo a Tadala. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Ife tadzuka, koma msanawu. Usiku wonse ngati wina akukhomamo msomali. Nanga Tadala chifuwa chija?"

"Chikuchepa, amayi. Koma amayi..."

"Mumupatse mandimu ndi uchi. Kwanu akuti bwanji, mvula inawasiyira kanthu?"

Wamkulu sadulidwa mawu. Ndinayankha za kwathu, uku khutu lili kumbuyo. Kenako ndinamva kuzizira m'mawondo. Madzi anandizungulira bwinobwino ngati chitsa, n'kupitirira ulendo wawo wa kumphasa.

"Amayi, ndimati ndinene kuti kukubwera madzi."

Anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatire ine anandiyang'ana m'maso. Kenako anayang'ana makaka awo akuyandama kulowera kukhola la mbuzi. Zimene analankhula zinali m'Chilomwe, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sindichimva bwino.

Tinatola makakawo limodzi, ine ndi apongozi, mapewa kugundana, mwambo uli pambali. Mayi a Tadala atabwera ndi amene anadzatseka paipi ndi chitsononkho. Mphasa ziwiri zinapulumuka, koma makaka enawo anada n'kuchita nkhungu. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Chigamulo chinabwera m'mawa mwake kudzera kwa mkazi wanga, akudziletsa kuseka.

"Amayi akuti masitepe anu a simenti aja ndi abwino kuyanikapo makaka, ndipo mbuzi muziingitsa ndinu. Akutinso tsiku nyumba yawo ikadzapsa, mudzakuwe muli chilili. Moni mudzapereke moto utazima."

Ndinavomera kuti ndamva. Koma sabata yatha ndinaona mbuzi ikudya ufa wawo m'lichero kuseri kwa khitchini, ine n'kuthamanga mpaka pamango paja, n'kugwadanso. Pamene tinkamaliza za msana wawo uja, lichero linali loyera.