Mlonda wa Mazira a Dokotala Kachiwanda

M'dziko lina lotentha, m'mbali mwa msewu umene phula lake linathera m'malonjezo, muli mudzi umene dzina lake sitilitchula, chifukwa eni ake amawerenga nyuzipepala ndipo ena mwa iwo ali ndi maloya. M'mudzi umenewu munali munthu wamkulu wotchedwa Olemekezeka Dokotala Gerevazio Kachiwanda, Tate wa Anapiye, Mkango wa Makola, Nsanamira ya Chitukuko cha Kumidzi. Udokotalawo anaulandira pa mwambo wina mu holo ya hotela, ndipo mpaka lero palibe amene anawaonapo akubaya jakisoni ngakhale nkhuku.

A Kachiwanda anali ndi kampani yoswetsa anapiye. Mathadzi anawapumitsa ntchito kalekale. Mazira ankafungatiridwa ndi makina aakulu ngati zipinda, ndipo kutentha kwa m'makinamo kunkayendetsedwa ndi kompyuta. Chaka chimenecho zinthu zinali pothina. Mazira a ulendo wapitawo anasukusa onse magetsi atathima nthawi yaitali, ndipo kuti agule ena a Kachiwanda anagulitsa lole yawo pamodzi ndi dimba. Mazira amene anali m'makinawa anali mpeni wawo wotsiriza. Amayi a m'makalabu a ulimi anali atamanga kale makola kudikira anapiye, ndipo ankaima pa geti tsiku ndi tsiku kufunsa ngati aswa. Akanasukusanso, kampani ikanatsekedwa, Tate wa Anapiye n'kutsala tate wa makoko.

Tsono m'mudzi umenewu muli lamulo losalembedwa: munthu wamkulu safunsidwa dzina. Pamaliro, paukwati, pamsonkhano, wamkulu amangofika, anthu n'kudziwa okha. Kumufunsa kuti ndinu ndani n'chimodzimodzi kumuvula malaya pamsika. Ndiye taganizani, kompyuta imene anagula okha, ili mu ofesi yawoyawo, m'mawa uliwonse inkawafunsa dzina ndi mawu achinsinsi, aja amati pasiwedi. Akalakwitsa chilembo chimodzi inkawabweza ngati mwana wodzapempha mchere. Zimenezi zinkawawawa mumtima, ndipo sankabisa.

Woyang'anira makompyuta anali Benadi, mwana wa mlongo wawo Nangozo, bambo wandevu zake ndi ana ake. Udindo wake unali Mkulu wa Makompyuta, Mawaya ndi Zonse Zoyaka Magetsi. Ukatswiri wake anautengera m'kashopu kolowetsera nyimbo m'mafoni pamsika. Koma tisamunamizire, Benadi anali ndi ubwino wake. Ankakhala kuseri kwa kampani komweko, ukamuitana ankafika akutafuna, ndipo ankadziwa waya uliwonse umene makoswe amaukonda. Mankhwala ake anali awiri basi: kuthimitsa n'kuyatsanso, zikakanika kuuzira mpweya. Chofooka chake chinali choti sakanatha kukana mawu a amalume ake, amene anamulipirira sukulu komanso anali nkhoswe ya ukwati wake. Atauzidwa kuti chipongwe cha m'mawa uliwonsechi chithe, anachotsa pasiwedi. Pofuna kuti chitetezo chisachepe, anapachika loko wamkulu pachitseko n'kumangirira galu pawindo.

Kenako kunamveka mphekesera zoti kwabwera akuba a mtundu wina, osathyola chitseko, osaboola khoma, olowera mu intaneti. Akuti anatseka makompyuta a kampani ina ya mbewu kutsidya la mtsinje mpaka eni ake analira ngati ana. A Kachiwanda anaitanitsa msonkhano wa Bungwe la Akuluakulu a Kampani, kutanthauza iwo, akazi awo ndi mlongo wawo.

Mayi Kachiwanda, amene ankaona abale a amuna awo ngati anankafumbwe m'nkhokwe, anati ntchito ya makompyuta ipatsidwe kwa akatswiri a mumzinda. Anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndiponso kampani ikalakwa ukhoza kuichotsa, pomwe mwana wa mlongo wako ukamuchotsa, pamaliro ako sipadzapezeka wokumba manda. Nangozo anayankha kuti chibale ndi fupa, sichiola. Anafunsa ngati akatswiri a mumzindawo angasiye chakudya pa mbale kubwera kudzathamangitsa khoswe m'mawaya. Anakumbutsanso achimwene ake za munthu amene ankawaphikira phala atadwala malungo ali anyamata. Posakhalitsa zokambirana zinafika pa mbuzi ina imene inasowa pa chinkhoswe zaka zamakedzana, ndipo za makompyuta zinayamba zadikira.

A Kachiwanda, poopa kugona ndi njala kunyumba komanso kutembereredwa kumudzi, anagamula ngati munthu wamkulu: onse alembedwe. Benadi aziona zogwirika ndi manja, akatswiri aziona zosaoneka ndi maso. Kuti malire a ziwirizi ali pati, palibe amene anafunsa.

Akatswiriwo anali a kampani ya Linga Lachitsulo. Anabwera kamodzi atavala mataye, anaonetsa zithunzi za maloko pakhoma, anabwezeretsa pasiwedi, n'kuwonjezera kuti munthu akafuna kulowa mu kompyuta azidikiranso kanambala kobwera pafoni. Anachenjeza kuti pasapezeke wodina chilichonse chotumizidwa ndi munthu wosamudziwa. Anamwa zoziziritsa kukhosi n'kumapita. Fumbi la galimoto yawo lisanathe, a Kachiwanda anaitana Benadi.

"Kale chinthuchi chinkandifunsa kamodzi. Pano chikundifunsa kawiri. Anthuwa ndawalemba ntchito kuti azinditukwanitsa?"

"Akuti ndi chitetezo, amalume."

"Kutetezera ndani, mwini wake? Chotsa."

Benadi anachotsa.

Lachisanu lina masana, mazira atatsala pang'ono kuswa, foni ya a Kachiwanda inalira. Woimbayo anali bambo wa mawu ofatsa, ngati mkulu wa mpingo wodzapepesa maliro. Anatchula maudindo awo onse m'ndondomeko yake osadumpha, n'kuwonjezera wina watsopano umene eni ake sankaudziwa: Nyenyezi ya Ulimi wa Nkhuku mu Africa Muno. Anafunsa za moyo wa amayi kunyumba ndi za mwendo umene unkawavuta. Kenako anati bungwe lina la kunja lawasankha kuti alandire mendulo, chongofunika n'kudina pa uthenga umene wafika pa kompyuta yawo.

Chenjezo la akatswiri aja analikumbukira ndithu, koma chenjezolo linkanena za munthu wosamudziwa. Munthu wodziwa maudindo ako onse, ndi mwendo wako womwe, angakhale bwanji mlendo? Anadina.

Kompyuta inafiira. Makina ofungatira, amene ankang'ung'uza osapuma, anangoti zii. Panatuluka uthenga waulemu ndithu, wopepesa chifukwa cha zovuta zimene zingakhalepo, wonena kuti makiyi a makina onse tsopano ali m'manja mwa anthu ena. Pansi pake panali nambala ya foni.

Benadi anathimitsa n'kuyatsanso. Anauzira mpweya mpaka kumva chizungulire. Kenako ananena mwaulemu kuti zimenezi n'zosaoneka ndi maso, choncho n'za a Linga Lachitsulo. Galu pawindo anali mtulo.

A Kachiwanda anaimba okha kumzinda. Anamvetsera nyimbo nthawi yaitali, mawu a makina akuwauza mobwerezabwereza kuti iwo ndi kasitomala wofunika kwambiri. Potsiriza anayankha mayi wina, amene anayamba ndi kufunsa kuti akulankhula ndi ndani. Chifukwa cha mazira, a Kachiwanda anapirira n'kutchula dzina. Mayiyo anati pofuna kutsimikiza kuti ndi iwodi, atchule dzina la amayi awo owabala.

M'mudzi muja, kutchulira munthu amayi ake n'kuitana ndewu. A Kachiwanda anamuuza mayiyo mawu angapo amene nyuzipepala yolowa m'mabanja ngati ino singalembe, n'kudula foni. Ataimbanso, nyimbo ija inayambira pachiyambi. Ulendo uno anapatsidwa nambala ya dandaulo lawo, n'kuuzidwa kuti akatswiri onse ali ku hotela ku maphunziro a kasamalidwe ka makasitomala, abwera Lolemba. Anauzidwanso kuti poti pasiwedi inachotsedwa ndi dzanja la munthu, nkhaniyi ndi yogwirika ndi manja, choncho ndi ya Benadi.

Koma dzira silidziwa Lolemba. Makina anayamba kuzizira, ndipo zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Anakabwereka mathadzi m'mudzi monse, koma thadzi la eni silifungatira mochita kulamulidwa. Linkangojompha womugwirayo n'kuthawa. Anabweretsa mbaula ndi mabulangete. Antchito anauzidwa kuika mazira m'khwapa n'kukhala chete, ndipo Benadi, Mkulu wa Makompyuta, Mawaya ndi Zonse Zoyaka Magetsi, anapezeka atakhala pakona mazira ali m'malaya, osayerekeza n'kutsokomola komwe. Nangozo ankapemphera mokweza, Mayi Kachiwanda akumufunsa ngati fupa losaola lija limatenthetsanso mazira. A Kachiwanda anagwira dzira limodzi n'kulimva kuti lafunda pang'ono chabe. Anachita mantha, mantha enieni. Anaganiza za lole, za dimba, ndi za amayi a m'makalabu, anthu osadziwa kunong'ona.

Anaimba nambala ya pa kompyuta ija. Foni sinalire kawiri.

"Olemekezeka Dokotala, mwaswera bwanji? Pepani kwambiri, takuvutitsani."

Anali bambo wofatsa uja. Sanafunse dzina, sanaike nyimbo, sanatchule amayi a munthu. Anamvetsera kutukwana konse mpaka kumapeto, n'kuvomereza kuti mkwiyowo ndi womveka. Kenako anati poti mazira ndi osalakwa, ayatsako makina amodzi ngati chizindikiro cha ulemu. Makinawo anang'ung'uzadi nthawi yomweyo. Anawadziwitsanso kuti fani yozunguza mpweya m'makina enawo yakhala ikudwala kwa kanthawi, ndipo analangiza kuti mbaula zitulutsidwe msanga chifukwa utsi umapha mwanapiye ali m'dzira.

A Kachiwanda analamula kuti mbaula zituluke. M'moyo wawo wonse wa bizinesi, kuyambira kwa okonza mipope mpaka kwa ogulitsa chakudya cha nkhuku, anali asanakumanepo ndi munthu woyankha foni msanga, wodziwa ntchito, komanso waulemu, zonsezi m'thupi limodzi. Anayang'ana Benadi ndi mazira ake m'malaya. Anaganiza za nyimbo ya kumzinda ija.

"Kodi mphwanga, panopa uli pa ntchito kwinakwake?"

"Ndimangodzithandiza, bwana."

"Ndiye tikambirane."

Mayi Kachiwanda ndi Nangozo, amene anali asanagwirizanepo pa chilichonse chidziwirane, anagwirizana kuti Dokotala mutu wasokonekera. Koma a Kachiwanda anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ngati sapheka, kuli bwino angopatsidwa yunifolomu. Tsiku lomwelo bambo wofatsa uja, amene palibe anaonapo nkhope yake, anakhala Mlangizi Wamkulu wa Chitetezo cha Zooneka ndi Zosaoneka. Za malipiro anati bwana asavutike nazo, munthu wamkulu sakambirana tinthu ting'onoting'ono, akonza yekha. Makina onse anayaka. Benadi anakwezedwa kukhala Wachiwiri kwa Mlangizi, ntchito yake n'kukhala kupukuta fumbi. A Linga Lachitsulo anaimba sabata yotsatira kufunsa ngati kasitomala wakhutira ndi thandizo lawo.

Mazira anaswa. Abale inu, anaswa! Chiyambireni kampani, anapiye ochuluka ndi athanzi chotero anali asanaonekepo, ndipo kulira kwawo kunkamveka mpaka kumsewu. A Kachiwanda anagwetsa misozi yachimwemwe. Anatumiza uthenga kwa amayi a m'makalabu kuti abwere ndi madengu, anabwereka tenti ndi zokuzira mawu, n'kuvala mkanjo wa udokotala uja ngakhale kunali kotentha.

Ali mkati molangiza anthu za kufunika kosankha bwino akatswiri, pa geti panafika malole a eni. Madalaivala anaonetsa pa mafoni awo kuti anapiyewo anagulitsidwa kale. Benadi atathamangira mu ofesi anapeza kompyuta ya kampani ikuvomereza zomwezo, siginecha ya Dokotala ili pomwepo, maudindo onse ali m'malo mwake. A Kachiwanda anazembera kuseri kwa tenti n'kuimba.

"A Mlangizi, anapiye anga akubedwa kuno."

"Ayi bwana, mtima pansi. Pakanakhala wakuba ndikanadziwa, imeneyo ndi ntchito yanga. Amenewo ndi malipiro aja. Ndakusiyiraniko anapiye ochepa oti mugulitse mugulire mazira ena. Kampani ikatsekedwa tonse tigona ndi njala."

Amayi a m'makalabu anadya mabisiketi, anamvera zolankhula mpaka kumapeto, ambiri n'kubwerera ndi madengu opanda kanthu. Zimene ankanena m'njira zinamveka mpaka kumudzi wachitatu. Kampani sinatsekedwe. A Kachiwanda amalawirirabe m'mamawa kukaona makina, amagula mazira, amakangana ndi ogulitsa chakudya cha nkhuku, ndipo anapiye akaswa malole amabwera.

Lipoti la kumapeto kwa chaka linanena zoona zokhazokha: chilembereni ntchito Mlangizi Wamkulu, palibe wakuba ngakhale mmodzi amene wathyola chitetezo cha kampani ya a Kachiwanda. Katundu yense amatulukira pa geti, dzuwa likuswa mtengo, mlonda akumenya saluti.