Bogi ya Atate Yapeza Okwera

Lolemba

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, atate ananditenga pa sitima kupita ku Livingstone. Bogi yobiriwira, zogwirira za mkuwa zonyezimira, mipando ya matabwa yonunkhira polishi. Anandimenya dzanja kawiri: "Osagwira, napukuta ine." Ntchito yawo inali imeneyo, kupukuta mabogi. Atapuma, akuluakulu a njanji anawapatsa bogi imodzi yotha ntchito, pa kanjanji kakufa kuseri kwa siteshoni. Mawilo ake anachita dzimbiri mpaka kugwirana ndi njanji. Ndinakulira mmenemo, ndipo anandisiya mmenemo.

Digiri yanga ya mbiri yakale ili m'sutikesi. Fakitale imene ndinkalembako makalata inatsekedwa. Boma likuti aliyense adziimire payekha. Ndaima.

Vuto ndi ili: Lamulungu kukubwera Ba Esnati, azakhali a Tisa, kudzaona kumene mwana wawo adzakhale. Iwo akakana, ukwati palibe. Anamuuza kale Tisa kuti, "Mwamuna wa nyumba ya mawilo, ugona naye ku Kafue, pouka ali ku Kapiri."

Maganizo anga: kuibwezera bogi ulemerero wake, aone kuti si chitsulo chotayidwa. Zofunika: sandipepa, penti wobiriwira, mandimu ndi phulusa zotsukira mkuwa, kulimba mtima. Zitatu zoyambazo ndazipeza.

Lachiwiri

Zochotsa: makatani a amayi, khola la nkhuku pakhomo, maungu oyanga padenga, chingwe choyanikira zovala. Zonsezi kunalibe pa bogi ya ku Livingstone.

Tisa akundipeza ndikutsitsa makatani. "Manje anthu azaziba bwanji kuti ni nyumba?"

Ndikumufotokozera kufunika kosunga zinthu zakale monga zinalili. Ndikuyankhula nthawi yaitali, ndi zitsanzo. Iye akupinda makataniwo, akuwanyamula, akubwerera kwawo ku Nangongwe osatsanzika. Mwina zitsanzo zinachepa.

Pansi pa dzimbiri la pachitseko ndapeza nambala 3, kalasi ya anthu wamba. Ikuwala!

Lachitatu

Penti tsiku lonse. Manja obiriwira, khutu limodzi lobiriwira.

Ba Mwanza, oyandikana nane, anali gadi wa sitima mpaka pamene anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Aima pakatalikatali, manja kumbuyo, akuyang'ana. Akuti mzere wachikasu ndautsitsa kwambiri. Ndikonza. Akupita kwawo, akubwera atavala jekete ndi chisoti za ntchito, wenzulo pakhosi. Mabatani awiri sakutsekeka.

"Mwaiche," akutero ngati kwa mwana wawo, misozi ili lengelenge, "iyi manje ni sitima."

Aka n'koyamba kuyamikiridwa chichokere ku yunivesite.

Lachinayi

Ndikuchokera kotunga madzi, ndikupeza mayi wachilendo atakhala pawindo langa, thumba la tinsomba ta kapenta pamapazi.

"Inyamuka nthawi bwanji?"

Ndikutsekula pakamwa. Zimene zikutuluka: "Sindikudziwa." Mayi akugwedeza mutu, akuti ku siteshoni amuyankhanso choncho. Masiku ano sitima yolonjezedwa m'mawa imafika mawa lake, kapena mkuja.

Pofika masana alipo khumi ndi anayi, mbuzi osawerengera. Ba Mwanza akulongedza katundu pa mashelefu anga a mabuku. Ndikuwanong'oneza kuti awauze anthuwa zoona.

"Nawauza kuti siyenda," akuyankha. "Akuti na ya ku siteshoni siyenda, koma kuno kuli mipando."

Ndaganizira mfundo imeneyi madzulo onse. Sindikupeza polakwika.

Lachisanu

Ogulitsa amva. Pamawindo: vitumbuwa, mazira owiritsa, nthochi, masokosi a salaula ovalidwapo kale, mawotchi atatu osonyeza nthawi zitatu. Aliyense wadziimira payekha, pa bwalo langa.

Ndalemba pa katoni: INO NDI NYUMBA YA MUNTHU. Mayi wa kapenta akudzikupiza nayo.

Pa bedi langa pagona mkulu wina wa ku Monze. Akuti pa moyo wake wonse sanakwerepo kalasi yogona.

Masana kwalowa mlaliki wachinyamata, tayi yofiira, Baibulo m'mwamba. Akulalikira kuchokera ku chitseko ichi mpaka icho, kenaka akutsika ndi kuika manja pa mawilo. "Chilichonse choimilira mu umoyo wanu, lelo chiyende!" Bogi yonse ikuti ameni. Ine ndekha ndikupemphera zotsutsa. Atachoka ndikugwada kuyang'ana: dzimbiri likadagwira. Ndipo Lolemba ndinkafuna kulipala!

Loweruka

Ndakonza mawu owatulutsira: masamba atatu, ndi mawu oyamba. Ndikuima pakhomo, ndikutsokomola. Bambo wina akusuntha kundipatsa malo, mkazi wake akundipatsa nshawa zokazinga. Kukana n'kupanda ulemu. Ndikukhala. Tikukambirana ngati fakitale idzagulidwe ndi azungu kapena idzangomera udzu. Akundifunsa kumene ndikupita. Funso labwino.

Sitima yeniyeni yalira cha m'ma folo. Ena athamangira. Ambiri atsala, akuti ija ndi yakuda, ndipo gadi wake alibe ulemu ngati wa kuno. Ba Mwanza aimba wenzulo kuibayibitsa, monga munthu wotsanzika mkazi amene anamusiya.

Uthenga wa Tisa: mawa teni koloko. Ndasita shati pa bondo, pakati pa mbuzi ndi kapenta.

Lamulungu

Afika. Ba Esnati, chitenje chatsopano, ambulera m'manja. Tisa pambuyo, kamtolo pamutu. Ndikugwada pa masitepe kuwapatsa moni, wogulitsa mazira akundidumpha.

Ba Mwanza akuwachitira sailuti, akuwapezera mpando wa pawindo. Azakhali akuyang'ana mbuzi, mlaliki, mkulu wa ku Monze ali mkonono pa bedi la ukwati.

"Ba pongozi, awa onse ni abululu anu, a banja lanu?"

Azakhali akutembenuka. Akufunsa mayi wa kapenta kuti wakhala masiku angati. Anayi. Yasuntha? Ngakhale pang'ono, chonsecho mlaliki anaipempherera kawiri. Azakhali akutsika, akugogoda wilo ndi ambulera, akukweranso.

Pamenepo Tisa akutula kamtolo, akubwereka wenzulo wa Ba Mwanza, akuimba kamodzi.

"Kafue! Tafika! Onse selukani!"

Onse akuimirira. Palibe wotsutsa. Matumba pamutu, mbuzi patsogolo, akutsika mwa dongosolo. Mkulu wa ku Monze akundigwira chanza, akuti ulendo wopanda mabampu ngati uwu sanauonepo. Masamba anga atatu ali m'thumba, osawerengedwa.

M'kamtolo muli makatani a amayi, ochapa. Tisa akuwapachika osandiyang'ana. Nkhuku zibwerera mawa, akutero, ndipo nambala 3 ikwiriridwe ndi penti. Ndikuvomera. Livingstone ndinapitako kale.

Chigamulo cha azakhali: nyumba siyenda, mwamuna nayenso sayenda, pakamwa padzabwera ndi mkazi. Ukwati ulipo. Ba Mwanza aloledwa kuimba wenzulo pa tsikulo, kamodzi kokha.

Chatsala n'chimodzi kwa azakhali. "Nanga atate ake a Tisa ku Shimabala nikawauze chani? Azakamba ati nayamba kumwa."

Akudikira yankho. Ndapempha mphindi zochepa, ndalemba mizere iyi. Pakamwa sindingathe. Ndikung'amba masamba a sabata yonse m'kope, ndikuwapinda kanayi: atate a Tisa akadziwerengere okha. Dzanja lawo latambasuka kale, ndipo ndikupereka ndi manja awiri.