Mpopi Wodziwa Nkhope ya Bwana

Kwa Olemekezeka Bwana Wapampando wa Bodi ya Chipatala,

Ndagwada, bwana. Ine ndine Eneless wa ku Milepa, mayi wolekeza sukulu panjira, choncho mukapeza mwano m'kalata muno dziwani kuti ndi umbuli chabe. Ndine gadiyani wa amuna anga a Alufeyo, aja munawagwira phewa pojambulitsa tsiku lomwe munabwera ndi atolankhani kudzaona makina othandiza kupuma amene munatigulira. Mwina simukuwakumbukira, poti maso anu anali ku kamera. Akadali pa bedi lapakati lomwe lija, paipi ili kukhosi, ndipo ino ndi sabata yachitatu.

Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokoza zake ndi izi.

Choyamba, makinawo. Korona itawagwetsa a Alufeyo pa ntchito yawo ya kabaza, makina anu anawapumira masiku khumi mpaka kachilomboko kanagonja. Adokotala anandiuza kuti ndikonze malaya obwerera kumudzi. Ndinachapa, ndinasita. Kenaka thupi linatenthanso, makhololo anasanduka obiriwira, ndipo anandifotokozera kuti ichi ndi chibayo china, chosachokera kumudzi ayi, cha m'chipatala momwemo: tizilombo timalowa m'mapapo potsata paipi ija. Kuwolowa manja kotere sindinakuonepo. Munthu abwera ndi nthenda imodzi, inu n'kumuikirapo ina ya basela.

Chachiwiri, mpopi wa m'chipinda chomwe agonamo. Ulemu wake umaposa wa ana a masiku ano, sutulutsira madzi munthu wamba. Tsiku la ulendo wanu galimoto ya madzi inadzaza thanki m'mamawa, sopo anakhala pasinki ali m'pepala lake, magolovesi bokosi lathunthu. Mutangotuluka pageti, sopo ndi magolovesi anabwerera mukabati kukadikira ulendo wina, ndipo patapita masiku awiri thanki inauma. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma sanatiuze kuti amakamuka ndi madzi a mumpopi omwe.

Chachitatu, mwatiphunzitsa kugawana. Tipaipi toyamwira makhololo, timene akuti n'togwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, kuno mwatidalitsa tipaipito ndi moyo wautali. A Sisitala Matilda, namwino mmodzi yekha wa mabedi onse atatu, amatsuka tipaipito m'beseni ndi madzi amene ife magadiyani timatunga pamjigo m'zigubu za mafuta ophikira. Chonde musawadzudzule. Manja ali nawo awiri okha, ndipo ndawaonapo pawindo akupukuta misozi ndi phewa. Pa bedi loyandikana panagona a Salimu, ogulitsa usipa ku Mbombwe. Kunjaku sanadyerepo mbale imodzi ndi amuna anga, koma kuno anagawana kapaipi kamodzi ngati abale a bere limodzi. A Salimu anaikidwa m'manda Lolemba. Ndamva kuti m'lipoti lanu ali m'gulu la anthu amene anachira korona, ndipo si bodza, koronayo anachiradi.

Chachinayi, chithunzi chanu chija mukusamba m'manja mukumwetulira, chimene anamata pamwamba pa mpopi woumawo. Chimatikumbutsa m'mene madzi amaonekera.

Pepani, apa ulemu wandithera pang'ono. Mtima ukundiwawa, bwana. Munthu anagonjetsa matenda amene anaimitsa ndege ndi kutseka matchalitchi, lero akupita chifukwa chosowa sopo. Malaya ndinasita aja ali m'chikwama, ndipo ndikuopa kuti adzawavala atagona. Ndabwereranso pamaondo.

Tsono ndamva kuti Lachisanu la sabata yamawa mubweranso ndi alendo akunja. Takondwera, poti madzi abwera. Vuto n'lakuti adokotala akandiyang'ana, nkhope yawo sikuonetsa kuti a Alufeyo adikira mpaka Lachisanulo. Amuna angawa ndi opupuluma, sadziwa kuti mabwana amayendera pulogalamu.

Pempho langa n'laling'ono. Bwerani mawa. Bwerani mkuja, ndi tsiku lililonse mpaka paipi ichoke kukhosi kwawo. Simukuyenera kuyankhula kapena kunyamula kanthu, ingoimani pakhomo kuti mpopi ukuoneni. Mphasa ndakusungirani kumalo ogona magadiyani, mbali yosadontha.

Koma ngati ntchito yachuluka, musavutike mtima. Ndidzakutumizirani uthenga wa tsiku loti mubwere ku Milepa, ndipo mpando wapatsogolo udzakhala wanu. Sopo musanyamule. Kwathu pochokera kumanda timaika beseni la madzi panjira kuti aliyense asambe m'manja, ndipo sitidikira kuti kubwere bwana.

Ine wanu wogwada ndi chigubu pamutu,

Eneless,
Gadiyani wa bedi lapakati