Mmene Ndinasambitsira Ababa Osawakhudza

Amene akuti ndine wabodza abwere adzanene pamaso panga, aleke kunong'onera kumowa ngati achitira a Tomasi, ang'ono awo a malemu ababa. Ine ndine Zuze mwana wa Alufandika, wa kuno ku Chiromo. Sukulu ya mishoni ndinaisiyira panjira, koma zoona ndimatha kulemba, ndipo ndikulemba izi kuti wina akawawerengere a Tomasiwo mokweza, pafupi ndi khutu lawo labwino. Ndikulumbira pali manda: ababa ndinawasambitsa ine, ndi madzi otentha, dzanja langa osawakhudza.

Ababa anakalambira panyumba ya mzungu wogula thonje amene tinkamutcha Kamphuno. Ntchito yawo inali madzi. Kuseri kwa nyumbayo kunali thanki pansanja, ndipo pansi pake panali mgolo wachitsulo wogonekedwa panjerwa, umene ankasonkhapo moto. Kutunga ku Shire, kukwera makwerero, kukhuthula, kutsika, kuwaza nkhuni, kusonkha, zonsezo kuti Kamphuno akatsegula mpopi m'bafa mvula yofunda imugwere pamutu. Chogwetsa mvulacho ankachitcha shawa. Moyo wawo wonse ababa anafunditsa msana wa munthu wina, iwo akusamba m'matope a Ruo, diso lili kwa ng'ona.

Chaka cha chimfine chachikulu chija Kamphuno anathawira kumtunda, nyumba n'kuikhoma. Ababa anatsokomola, anagona, m'mawa wina sanadzuke. Mwambo mukuudziwa: mwana sasambitsa maliro a kholo lake, imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Ndinapita kwa a Nsingano, mkulu wa adzukulu, munthu amene anamaliza fodya wa ababa kwa zaka zosawerengeka. Anandiyankhira patali, nsalu ili pamphuno.

"Nkhabe, sizitheka, mwanawe. Chimfine ichi chimadumpha. Tingowakulunga m'mphasa, dzuwa lisanalowe tikawaike."

"Osasamba? Ngati mbuzi yofa yokha?"

"Nanga ukufuna tife tonse?"

Ndinati chabwino, ndiwasambitsa ndekha. Apo a Tomasi anadzuka pamthunzi: "Ukangowakhudza waitanira banja lonse tsoka. Sindilola."

"Ndiye asambitseni ndinu, bambo aang'ono. Mbale wanu."

"Ine msana, mwanawe. Sindiwerama."

Mukumva? Munthu amene anatenthetsa madzi mpaka tsitsi kuyera ndi phulusa, akalowe m'nthaka ali ndi thukuta la matenda, chifukwa wina ali ndi mantha, wina ali ndi msana! Koma mwambo umaletsa dzanja, suletsa mvula. Ndinagwira mphasa imene ababa anagonapo m'makona, n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya Kamphuno, kenako mpopi wa m'bafa ndinauzula kukhoma ndi mano, poti sipanala Kamphuno anaikhomera m'kati, n'kuupachika panthambi.

Mitu ya shawa inalipo iwiri. Wina wa mabowo aakulu, umene Kamphuno ankasambira chifukwa umagwirizana ndi thanki yotsika. Wina wamkuwa wonyezimira wochokera kutsidya kwa nyanja, mabowo ake ngati maso a nyerere, umene unangokhala pazenera chifukwa umafuna madzi amphamvu. Ine ndinasankha wamkuwawo. Ababa asambire chimene ngakhale bwana wawo sanalawe.

Nditatsegula, panatuluka dontho limodzi, nalonso ntchentche inalimwera m'malere lisanafike pansi. A Nsingano anaseka kuseri kwa nsalu yawo. Mphamvu ya madzi ili m'kutalika kwa thanki, zimenezo ndinkazidziwa, ndiye ndinaisenza thankiyo pamutu, yodzaza choncho, n'kukwera nayo mumlambe. Nditatsegulanso inangoti tiriri, ngati mkodzo wa khanda. Ndinakwiya, ndinadula mivumo yonse ya m'mbali mwa dambo, n'kuilumikiza wina pamwamba pa unzake ndi zingwe za mlaza, n'kuyamba kukwera thanki ili pamutu, kupitirira akabawi, kupitirira utsi wa m'minda, kupitirira mtambo wina umene unandipempha madzi ine n'kuukana, mpaka ndinaona Nsanje ngati chipande, Ngabu ngati njere ya thonje, Zambezi ngati lamba wotayidwa pabwalo, ndipo mipopi itatha ndinalumikiza bango, lililonse kulibooleratu ndi mpweya wa m'kamwa mwanga. Kuti madzi asachite ulesi, ndinatsika, n'kugwira mvuu khutu pa doko, inakwera pambuyo panga ikudandaula, ndinaikhazika m'thanki kuti izipsinja. Mukumva? Mvuu! Amene anali ndi maso anaona mchira wake ukulendewera kumitambo.

Mwayi wake ndinayamba ndayesera pambali. Nditangokhudza mpopi wa madzi ozizira, madziwo analasa pansi ngati mkondo, dothi linauluka mpaka kutsidya kwa Ruo, dzenje linatsika, linatsika, mpaka tinamva atambala a dziko lina akulira pansipo. Manda anakumbika okha, m'mbali mosalala ngati mozira. Adzukulu sanagwire ngakhale khasu, koma a Nsingano, nkhope yosachita manyazi, anatuma munthu kudzafunsa nkhuku ya okumba manda.

Tsono kunatsala moto. Ndinasonkha pansi pa mgolo mpaka madzi anabwadamuka, n'kutsegula mpopi wotentha pamodzi ndi wozizira. Apa ndi pamene panavuta. Madzi awiri akakumana mumpopi umodzi, wamphamvu amabweza mnzake. Ozizira akuchokera kumitambo, mvuu ili pamwamba, otentha akuchokera panjerwa pompano. Ozizira anawathamangitsa anzawo kubwerera mumgolo, mgolo unatupa ngati ng'ombe yodya mapira anthete, unalira likhweru loti sitima yochokera ku Nsanje inaima pamlatho poganiza kuti ikukumana ndi inzake, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kumene inachoka, okwera akutukwana m'Chisena ndi m'Chipwitikizi.

Dzuwa linali litapendeka. A Tomasi anayamba kukuwa kuti nthawi yatha, awakulunge. Ndinawauza kuti woyamba kukhudza mphasayo ndimuyesera mpopi wozizira pamchombo. Palibe anasuntha.

Thanki ndi mgolo ziyenera kukhala msinkhu umodzi. Ndinanyamula mgolowo, njerwa zake, moto wake uli lawilawi, n'kukweranso mivumo ija, ndipo dazi mukulionali si la ukalamba, ndi la tsiku limenelo. Moto utakhala kumwamba anthu a ku Makhanga anaona madzuwa awiri, amayi anayanika ufa n'kuuanula asanawongoke, thonje la ku Ngabu linaphulika m'minda nyengo yake isanakwane, akakowa amene ankadutsa pamwamba anagwa okazinga kale, ndipo nkhuni zikatha ndinkatsika n'kuponya zipika kuchokera pansi, chilichonse kukagwera pamoto penipeni, osaphonya. Makakana, nsomba za m'Shire, amene anatungidwa pamodzi ndi madzi anadutsa mumgolo, anapsa, n'kutulukira m'mabowo a nyerere aja ngati ulusi, onona, minga itasefeka. Mukumva zimene anachita anthu oopa chimfine aja? Anabwera ndi mbale! A Tomasi msana unachira pomwepo, anawerama mpaka chipumi kugunda mawondo, akutola nsomba m'fumbi, mbale wawo ali gone poteropo.

Ine sindinawayang'ane. Ndinatsegula wotentha pang'ono, wozizira pang'ono, kuyesa ndi chigongono, kutseka uku, kuwonjezera uko. Madzi anali akuthwabe ngati singano, anasenda khungwa la mango, ndiye ndinakweza mutu wamkuwa uja pamwamba pa nthambi zonse kuti ayambe athyokera pamasamba. Atatsika pamenepo anali mvula yofewa, yofunda, yonga mpweya wa mayi pakhosi pa mwana.

Inawagwera ababa pachipumi, m'zikope, m'ndevu. Mwaye wa zaka zonse unatuluka m'makwinya, phulusa linachoka m'tsitsi, pamapewa pamene panakhuthala ndi mtengo wa ndowa panafewa, madzi akuda anayenderera mpaka ku Shire ng'ona n'kutuluka kumtunda zikutsokomola. Ine ndinaima pafupi, manja ndili nawo kumsana, ndawamanga ndi mlaza kuti angandipandukire.

Ndiye ababa anatsegula diso limodzi. Ndikuti anatsegula!

"Zuze, wachulutsa nkhuni. Uboola mgolo wa eni ake."

"Ndichepetsa, ababa."

Madzi akuwayenda m'makutu, anatinso, "Kani zimakoma chonchi? N'chifukwa chake Kamphuno sankatulukamo msanga."

Anatseka diso lija. Ndinasiya madzi akutsika mpaka thanki inauma, mvuu inayamba kulira kumwamba. Pamenepo mpamene adzukulu analimba mtima, anabwera n'kuwakulunga, poti panalibenso choti chidumphe pathupi loyera chotero.

Lero a Tomasi akumauza anthu kuti kunalibe mivumo, kunalibe mvuu, kunalibe mutu wamkuwa. Akuti chinali chitini cha palafini chimene ndinachiboola ndi msomali n'kuchipachika panthambi, ndipo madzi ndinafunditsa mumphika wa amayi, ndikuthira ndi chikho, ndikulira ngati mwana. Chitinicho chinalipo, sindikana. Mphikanso unalipo. Koma afunseni anaima pati. Anaima kuseri kwa nkhokwe, iwo ndi a Nsingano ndi mudzi wonse, nsalu zili pamphuno, maso akuyang'ana kumbali, ndipo munthu woima pamenepo angaone bwanji kumitambo? Amene anali pafupi ndinali ine ndekha.

Muwauze a Tomasi kuti tsiku lawo likadzafika asadzanditumire uthenga. Adzasamba a m'chithaphwi, ngati alipo wodzawathira. Ababa anga analowa m'manda ali ofunda.