Che Sufiyani, Nkhoswe ya Njuchi

Kwa Kalembo kuno ankhoswe ngambiri, koma wokwatitsa njuchi anali mmodzi yekha, malemu Che Sufiyani. Kuukwati wa anthu sankapondako, ati kumachuluka phokoso. Koma mumng'oma mwawo mukangobadwa mfumukazi yatsopano, ankavala mkanjo woyera ngati tsiku la Idi.

Kale anali ndi ming'oma makumi awiri. Mitengo itathera kumakala, njuchi zinasamuka, n'kuwatsalira mng'oma umodzi. Alangizi a zaulimi, Mayi Modester, anawaphunzitsa njira yopulumutsira mtundu: kutenga mfumukazi yongobadwa kumene, kuiika m'kamng'oma kakang'ono pamodzi ndi njuchi zodzaza kapu, kuti ikakwatiwa iyambitse banja lina. Iwo mfumukaziyo ankangoitchula kuti namwali.

Ine Blasius, woyandikana nawo nyumba, anandiika kukhala nkhoswe wakuchimuna.

"Che Sufiyani, inetu ndine Mkatolika."

"Njuchi sizifunsa mpingo. Gwirani utsiwo."

Namwaliyo anamulowetsa ali m'kabokosi ka machesi kobowolabowola, chifukwa ukangomuponya pakati pa njuchi zachilendo zimamuunjikira n'kumupha. Anakhala mmenemo masiku atatu kuti zizolowere fungo lake. Masiku onsewo mkuluyo ankagwada pakamng'omapo kupereka malangizo: "Mwanangu, pano ndi pako. Mwamuna akabwera usamuchitire mwano." Ine ndinangoti ndisuzumire, imodzi n'kundiluma pachikope. Iwo ati, "Eya, akuchikazi akulandirani."

Atamutsegulira, njuchi zinamuvomera bwinobwino. Apa m'pamene nzeru zinawachulukira. Pakhomo pa kamng'omako anakhomapo kawaya koti njuchi wamba zizidutsa, koma namwali ayi. Patatha mwezi ndi theka, Mayi Modester anafika n'kugwira pakamwa.

"Bambo, kawayaka n'kachiyani?"

"Kuti mwana asamayendeyende."

"Iyayi, bambo! Mfumukazi imakwatiwa m'mwamba, ikuuluka. Imayenera kutuluka kukakumana ndi zamphongo."

"Mwana wamkazi kulondola amuna? Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera, n'kumanga nyumba pamudzi pa mkazi. Mkamwiniyo abwere yekha, ndimuone nkhope!"

Mkamwini sanabwere. Nthawi ya namwali inali itadutsa kale, ndipo mazira ake ankangoswa zamphongo zokhazokha, zodya uchi koma zosadziwa kumene umachokera. Che Sufiyani anasuzumiramo n'kupukusa mutu. "Mudzi wanji uwu? Amuna okhaokha, onse ali pabawo!" Tinaseka mpaka misozi, koma kamng'omako kanafa.

Chaka chotsatira mfumukazi yakale ya mumng'oma waukulu inafa, n'kusiya namwali mmodzi ndi njuchi zowerengeka. Anawasamutsira onse m'kamng'oma kaja. Akalephera ameneyu, basi, za njuchi zathera pomwepo. Kawaya kaja anakazula okha.

"Pita, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Mwambo ndauphwanya chifukwa cha iwe. Koma ubwere."

Namwaliyo anatuluka masana dzuwa lili paliwombo, n'kuzungulira kawiri, n'kulowera chakudambo. Che Sufiyani anakoka kampando n'kukhala pakhomopo. Tsiku linatha, sabata inatha. Ngakhale Lachisanu sanapite kumzikiti, anaswalira pomwepo. Mkazi wawo, Abiti Akimu, ankawabweretsera phala n'kulibweza litazizira.

"Che Sufiyani, lowani m'nyumba, mphepoyi ikupwetekani," ndinawadandaulira.

"Akafika apeze pakhomo palibe munthu? Inu a Blasius, mkwati ndi wanu. Kafunseni kwanuko, mwana wanga amuika kuti?"

Ndinayesa kuseka, koma sizinatheke. Njuchi zinkachepa tsiku ndi tsiku mpaka m'kamng'omamo munalowa nyerere. Che Sufiyani anamwalira m'nyengo yozizira, tinawaika tsiku lomwelo.

Chaka chino mango anachita maluwa ochuluka, koma mumtengo munali zii. Maungu a Abiti Akimu maluwa akungoyoyoka. Palibenso amene amalumidwa pamudzi pano, ndipo ndikunenetsa, ndalisowa diso lotupa lija.

Pali chimodzi chimene sindinawauze Che Sufiyani, ndipo chimandiwawa. Masana amene namwali analowera chakudambo, ine ndinali komweko ndi mpope kumsana, ndikupopera thonje langa, mphepo ikuwomba. Kaya ndi zimenezo, kaya mbalame inamudya, sindidziwa. Thonje ndalimanso, mbozi zagwamo kale, ndipo mawa ndikukapopera.