Kabawi wa a Dennis

Lolemba, 12 June 2006

M'nyumba mwanga muli kabawi. Ndikulemba kuti ndikadzakalamba ndisadzakane.

Mwini wake ndi a Dennis, mdala wachizungu wa khomo loyandikana ndi langa kuno ku Aston. Lero agonekedwa kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, akukawaika chiuno chachitsulo, atuluka Lamulungu. Akazi awo anamwalira, mwana alibe, moyo wawo wonse akhala akuweta mbalame zolusa kuseri kwa nyumba. Iyi akuti ndi yomaliza. Ndikanawakana bwanji munthu amene anatikonzera chotenthetsera m'nyumba chaka chathu choyamba, ine ndi mwana wanga Tadala tikugona titavala majekete?

Kabawiyo ndi kamwana, sikanamere nthenga. Kaubweya koyera, mapazi aakulu, maso amwano. Kakukhala m'beseni lotsukira mbale pabalaza. Dzina lake Mabel, ngati mayi wa mvano.

Kwathu ku Dowa ubwana wanga wonse unathera pogenda akabawi kuti asatenge anapiye a amayi. Lero mufiriji mwanga muli thumba la anapiye akufa, ochita kugula kusitolo, oti ine ndizimudulira kabawi. Ulaya ameneyo.

Malamulo a a Dennis:

1. Azikhala pakati pa anthu, aziona nkhope zambiri zosiyanasiyana.
2. Asamve njala. Mbale yake izikhala ndi nyama nthawi zonse.
3. Asandione ndikuika chakudya. Ndizimuphimba kaye ndi tawulo. Kumudyetsa ndi dzanja, ayi ndithu.

Akuti mbalame yoleredwa ndi anthu imadziyesa munthu. Ikazolowera munthu mmodzi yekha, n'kudziwa kuti nyama imachokera m'dzanja lake, imamutenga ngati mayi ake. Imalirira iye yekhayo moyo wonse, ena onse imawakana, ndi mwini wake yemwe. "Ndikamupeze akundifunabe, bab," atero pokwera takisi. Aliyense amamutcha bab, ngakhale wa positi.

Palibe chovuta. Ndine namwino, kugawa mashifiti ndi ntchito yanga. Mutu umodzi susenza denga. Ndamata pepala pafiriji:

Masiku onse: Tadala, wamaliza mayeso, akungokhala.
Lachiwiri: Anabanda a kutchalitchi kwathu, ali pa ofu.
Lachitatu: amayi a mapemphero, ndi tsiku langa lowalandira.
Loweruka: kwaya yonse.

Pofika Lamulungu mbalameyi idzakhala ikudziwa anthu ambiri kuposa abusa.

Lachiwiri, 13 June

Chimene a Dennis anaiwala kunena: kabawi sachita chimbudzi pansi ngati nkhuku. Amaweramira kutsogolo n'kuponya chammbali, kutali. Yunifolomu yanga yosita inali pampando. Ndapita kuntchito ku Edgbaston ndi yadzulo.

Anabanda abwera kuchokera ku Whitmore Reans, sitima ndi basi, mtima wabwino. Kulakwa ndi kwanga. Pafoni ndinangoti, "Mudzandikhalireko ndi mwana wa aneba." Abwera ndi ufa wa phala ndi kachipewa koluka.

Nthawi yopuma ndikupeza uthenga pafoni: "Mai a Tadala, mwana uja ali ndi mlomo wokhota."

Akhala kukhitchini, chitseko chotseka. Kenako akumbukira chambo chimene ndinawalonjeza, atsegula firiji, asolola thumba lolakwika. Anapiye gwa, maso tseke, ali ndandanda. Achoka osamwa tiyi, kachipewa atenga.

Tadala tsiku lonse ali m'chipinda chake pamwamba. Ndamufunsa chifukwa chake. "Mum, it keeps looking at me." Ntchito yake inali imeneyo, yoti aziyang'aniridwa ndi mbalame, ndipo yamukanika.

Madzulo ndatsata lamulo bwinobwino. Tawulo pamutu, mbale pansi, tawulo chotse, ine n'kuyang'ana kudenga ngati nyama yagwa ndi mvula. Mabel wayang'ana mbale, wayang'ana ine. Si wopusa.

Lachitatu, 14 June

Ndaswapa shifiti kuti ndilandire amayi a mapemphero. Ndadzuka m'mawa kukazinga mandasi odzaza mbale yaikulu.

Masiku onse pabalaza panga anthu amakhala mpaka pansi. Lero abwera atatu. Anabanda ali ndi mamineti aulere pafoni, agwiritsa ntchito onse.

Akhala moyandikana pa sofa imodzi, zikwama pamiyendo, nsapato osavula. Mabel ali m'beseni pakati pa nyumba, akuwayang'ana mmodzimmodzi. Lamulo loyamba likuyenda bwino.

Mai Busa ayamba ndi mawu ofewa: "Ife sitikuweruza, mai a Tadala. Tingofunsa. Usiku imapita kuti?"

Ndafotokoza kuti singathe n'kuimirira komwe, kuti ndi masewera a azungu, amasaka nazo akalulu, boma likudziwa, ili ndi mphete ya nambala kumwendo.

"Azungunso ali nazo zawo," atero Mai Busa.

Pemphero la lero silinapite kwa odwala kapena kwa ofuna mapepala. Lonse laloza m'beseni. Amanga, amasula, adzudzula, abweza kumene zinachokera. Mabel wagona pakati pa pemphero. Pa ameni wadzuka, waweramira kutsogolo. Ndaona, koma pakamwa panachedwa. Bulauzi yoyera ya Mai Busa.

Mandasi palibe wagwira. Aliyense akuti wangodya kumene. Amayi omwewa amene amanyamula otsala m'zikwama! Zandiwawa, ndisaname. Munthu akakana chakudya cha m'nyumba mwako wanena zonse.

Ndadya asanu ndekha nditaimirira, Mabel akundionerera.

Lachinayi, 15 June

Shifiti yaitali, kuchoka m'mawa kubwera dzuwa litapendeka. Papepala la pafiriji pangotsala dzina la Tadala. Walumbira kuti akhala naye.

Wakhala nayedi: wakokera beseni patsogolo pa TV, watsegula mpira, wapita kutauni ndi anzake. Akuti mbalame yaona anthu ambirimbiri, a mitundu yonse, ena akuimba. Mwana ameneyu adzakhala loya.

Nanga nyama? "I can't touch them, Mum. I'm vegetarian now." Kuyambira liti? Kuyambira lero. Dzulo lomweli anatafuna mafupa a nkhuku mpaka mafuta a m'kati.

Ndikulowa, mbale ili mbee. Mabel wagwetsa mutu pamphepete pa beseni, akulira kamawu kakang'ono, kotopa, kamene namwino aliyense amakadziwa. Tawulo sindinalifune n'komwe. Ndagwada pakapeti ndi yunifolomu, ndadula nyama, ndamupatsa ndi zala zanga, kachidutswa kachidutswa. Ndikumva pakamwa panga pakuti, "Idya mwanawe, pepa, amayi anachedwa."

Amayi. Ndatero ndekha, palibe anandikakamiza.

Lamulo lachiwiri lafa masana, lachitatu ndalipha ndi manja anga. Koma lamulo limeneli n'lachilendo kwa ine kuyambira pachiyambi. Kwathu munthu wobisala poika chakudya ndi wothira mankhwala. Mwana wanjala umamuyang'ana kumaso pomudyetsa.

Kamodzi kokha. Mbalame ili ndi mutu wochepa ngati ndimu, mawa idzakhala itaiwala.

Lachisanu, 16 June

Sinaiwale.

Ndikungotsika masitepe m'mawa, kulira. Osati kamawu kadzulo kaja. Mluzu weniweni, wobaya m'khutu. Ndikalowa kukhitchini, kulira. Ndikapita kubafa, kulira. Tadala akadutsa, zii.

Nthawi yopuma ndakwera ku wodi ya a Dennis. Achepa m'bedi muja, mano awo ali m'kapu. Funso loyamba si la chiuno chawo.

"Akuona anthu?"

Ambiri, ndatero. Sindinanene kuti ambiriwo anali atavala makabudula pa TV.

"Sakusokosa?"

Ndati ali ndi mawu abwino. Andigwira dzanja, akuti ankadziwa kuti namwino sangalakwitse. Akuti akumalota akumuulutsa kuthengo m'dzinja, chiuno chatsopano, mbalame yatsopano. Ndawakonzera pilo amene anali bwinobwino kale, ndathawa.

Nzeru yatsopano: ngati anthu sabwera kwa kabawi, kabawi apite kwa anthu. Ndikuweruka ndatulutsa beseni pakhomo, ndakhala pasitepe ngati wogulitsa tomato. Anthu aimadi. Amayi achipakistani a tsidya la msewu, ana a sukulu, mkulu wina woledzera amene wafunsa ngati ndi nkhuku yodwala. Nkhope zosiyanasiyana, monga mwa lamulo. Mabel wawapatsa onse msana, maso ali pa ine, kukamwa yasa.

Madzulo foni yochokera ku Area 25. Bambo a Tadala, amene mapepala awo obwerera kuno akuyenda ngati kamba, koma nkhani zimawapeza tsiku lomwelo. Moni wachidule, kenako: "Mayi, undiuze zoona. Kadzidzi ameneyu wamutenga kuti?"

Si kadzidzi, ndi kabawi.

"Ndiye kuti nkhaniyi ndi yoona."

Akuti kumpingo kwathu kumudzi akudziwa kale kuti ndi chifukwa chake ndinakwezedwa pantchito chaka chatha. Ndinkayesa ndi mashifiti a usiku aja ndi maphunziro. Kani ndi mbalame imene inali isanaikiridwe n'dzira lomwe.

Loweruka, 17 June

Kwaya yasamukira kwa Mai Busa. Akuti kumeneko kuli malo ambiri. Nyumba yawo ndi yanga anamanga ndi munthu mmodzi, muyeso umodzi.

Lero ndi tsiku lokonza zonse. Zimene ndayesa:

Kubisala pamwamba, Tadala aike mbale atavala magolovesi awiri dzanja limodzi. Mabel wakana kudya, akulirira masitepe.

Kuvala jasi ndi chipewa cha a Dennis, ndili ndi kiyi wa kwawo. Ndalowa ndikutsimphina, ndikuti "bab, bab" ndi mawu onenepa. Tadala waseka mpaka wakhala pansi. Mabel wandizindikira ndisanatseke chitseko.

Kumulankhula Chingerezi chokhachokha. Wangopendeketsa mutu ngati mmene amachitira odwala anga ena.

Kumusiya alire mpaka atope. Aneba a mbali inayo agogoda, akuti alamu ya utsi yatha batire, angandithandize kusintha. Amene watopa ndine.

Walira mvula walira matope. Ndamudyetsanso ndi dzanja.

Nthenga zayamba kutuluka m'mapiko, zakuda, ngati zisonga. Lero waimirira koyamba, miyendo njenjenje, wakwera pamphepete pa beseni, wagwera pakapeti, wadzikoka mpaka paphazi langa, wagona pomwepo. Ndakhala osasuntha mpaka mwendo unachita dzanzi, mpunga unapserera.

Ndinene pano poti palibe awerenge. Chibwerereni m'dziko muno palibe amene anasangalalapo chonchi pondiona ndikulowa pakhomo. Odwala amafunsa kuti dokotala abwera liti. Tadala amafunsa kuti tidya chiyani. Kachilombo kakuba anapiye aka kamangofuna ine. Zikundikoma, ndipo ndikuchita nazo manyazi, chifukwa si wanga.

Mawa a Dennis.

Lamulungu, 18 June

Kutchalitchi sindinapite. Ndawapumuza.

Masana galimoto ya chipatala yawatsitsa a Dennis ndi ndodo ziwiri. Tiyi akana. Akhala pampando wawo m'nyumba mwawo, akuti, "Kamutengeni mtsikana wanga."

Ndanyamula beseni, ndaliika pamapazi awo, ndabwerera kukaima kuchitseko. Njira yonse ndinakonza zoti ndinene: mashifiti, Anabanda, mpira, mwana wosadya nyama. Koma a Dennis maso ali kale m'beseni.

Aimba kamluzu kawo. Atambasula dzanja pang'onopang'ono. Mabel waliyang'ana, wafufumitsa ubweya, walijompha. Watembenuka, wakwera mphepete, wagwa, wadutsa kapeti yonse dzandidzandi mpaka pa ine. Wakhala pa silipasi yanga, wayasamula, wayamba mluzu wake.

A Dennis amvetsera kulirako ngati dokotala womvetsera chifuwa.

"Mwamudyetsa ndi dzanja."

Eya.

"Anali ndi njala?"

Eya.

Agwedeza mutu. Ndikanakonda akanandikalipira, ndikanadziwa poyankha. Angoyang'ana mbalame yawo nthawi yaitali, kenako aloza kabati, akuti nditsegule. Muli golovesi yachikopa, yakuda ndi ukalamba, ya dzanja lamanzere. Zala zanga zikuthera pakati.

Akuti khola la kuseri lilipo, Mabel azikhala momwemo, iwo azindiuza zochita ali pampando. Kudyetsa, kuyeza kulemera, kumuyendetsa padzanja, kumuulutsa, zonse ine, tsiku lililonse, ndikhale pa shifiti ndisakhale. Mpingo ukamva kuti tsopano ndikuyenda naye padzanja mumsewu, sindikudziwa kuti bulauzi ya ndani idzatsala.

Ndawafunsa kuti mbalame zimenezi zimakhala zaka zingati.

"Kuposa ine, bab," atero, maso ali pa Mabel.

Pepala la pafiriji ndalichotsa. Mawa ndikulowa m'mawa, ndiye anapiye ndiwatulutsiretu lero kuti asungunuke.